Nkhwangwa inafika msanga kuposa lamulo

Amene mumayenda msewu wa Chikwawa kupita ku Blantyre m'mamawa mukudziwa zomwe ndikufuna kunena. Mukangowoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu nkudutsa pa Thabwa, minibasi ikayamba kubuula pokwera phiri lija, mumakumana ndi anyamata akukankha njinga, matumba atatu ena anayi a makala atawamanga ndi mphira, thukuta lili kamukamu dzuwa lisanatuluke nkomwe. Sabata yatha ndinali pa ulendo umenewu ndipo mayi ena amene tinakhala mpando umodzi analoza pa windo nkunena kuti, "anthu awawa ndi amene akutibweretsera madzi osefukira, bwanji boma osangowamanga onse, kapena malamulo kulibe m'dziko muno?" Ine ndinangoti eee mayi, basi, koma funso lawolo landikhala pamtima mpaka lero, chifukwa malamulowo alipo ndithu, ndinawagwirapo ndi manja angawa kwa zaka 7 ndili mlembi wa komiti yosamalira zachilengedwe kumudzi kwathu, komanso chifukwa malume anga enieni, mlongo wawo wa mayi anga, anakankha njinga ngati imeneyo mpaka msana unapindika.

Kwathu ndi kumadzulo kwa Ngabu, kumphala, komwe madzi a Shire safika koma dzuwa limafika lonse. Ndinabadwa mu 1981 ndiye nthawi ya Kamuzu ndinaiona ndi maso a mwana wa pulayimale. Kuseri kwa mudzi wathu kunali tchire la tsanya, lalikulu moti tikalowamo ndi mbuzi m'mawa tinkabwerera madzulo tisanafike kumapeto kwake, munali bwemba, masau, milambe apo ndi apo, ndipo amayi ankatola nkhuni zouma zokha mtolo nkukwana. Mtengo wauwisi munthu sankadula masanasana. Pa 21 January chaka chilichonse linali tsiku lodzala mitengo dziko lonse, ife ana asukulu tinkandandalika ndi timbande m'manja, atcheyamani achipani ataima poteropo. Anthu ambiri amsinkhu wanga akamakumbuka zimenezi amati nthawi imene ija kunali malamulo. Ine ndimakana pang'ono. Lamulo la nkhalango lomwe linkagwira ntchito nthawi imeneyo linali la atsamunda la 1942, ndipo panalibe munthu m'mudzi mwathu amene analiwonapo kapena kumva zomwe limanena. Chomwe chinkasunga tsanya uja ndi mantha, kuopa ayufi, kuopa apayoniya, kuopa kuti mnzako akakunenera kuchipani nkhani ya mtengo isanduka nkhani yoti ukunyoza boma, ndipo munthu wonyoza boma tonse tinkadziwa komwe ankapita.

Agogo anga aamuna ankatiuza kuti ngakhale mantha amenewo sanayambe ndi Kamuzu. M'zaka za m'ma 1950 atsamunda analamula kuti aliyense azilima mizere poteteza nthaka kuti isakokoloke, lamulo loganiziridwa kumapiri koma analibweretsa kuno kuchigwa komwe malo ambiri ndi a lathyathyathya, anthu akakana ankawalipiritsa ena kuwatsekera, mpaka nkhaniyo inatchedwa nkhondo ya mitumbira ndipo osunga kachisi wa Mbona, mzimu wa mvula, anaima ndi anthu wamba. Ndiye kwa agogo mawu akuti kusamala nthaka ankamveka ngati chikwapu cha mzungu. Koma agogo omwewo sakanayerekeza kuthyola ngakhale kanthambi ku Khulubvi ku Nsanje, nkhalango ya Mbona, yomwe ilipobe mpaka lero popanda mpanda wa waya kapena mlonda wa mfuti. Anthu akuno ankadziwa kulemekeza lamulo loteteza mitengo, bola likhale lamulo loti alimva ndipo akulitenga ngati lawo.

Ndisanamizire demokalase yokha, zinthu zinali zitayamba kale kugwedezeka. Nkhondo ya ku Mozambique inabweretsa anthu othawa kwawo oposa miliyoni imodzi m'dziko muno, ndipo ku Nsanje panafika poti alendowo anachuluka kuposa eni mudzi. Ku Mankhokwe, ku Nyamithuthu, ku Kunyinda kuno ku Chikwawa, onsewo ndi abale athu olankhula ngati ife ndipo ankafunika mitengo yomangira ndi nkhuni zophikira nandolo wa thandizo uja yemwe sapsa msanga, zinalibe kuchitira mwina. Kenaka chilala cha 1992, anthu akumadambo kudya nyika. Ku Majete njovu zinali zitatheratu pofika 1992, Kamuzu akadali pampando, ndiye mantha aja nawonso anali ndi malire ake.

Chaka chomwecho cha 1992 ndi chomwe mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yawo ija pa 8 March, mu May maiko otithandiza anaimitsa thandizo lina ponena za ufulu wa anthu, mu June maiko anakumana ku Rio de Janeiro ku Brazil kukambirana za chilengedwe, ndipo pa 14 June 1993 anthu anavotera nyali, matipate nkupambana. Mu December apayoniya analandidwa zida ndi asilikali pa Operation Bwezani, pa 17 May 1994 a Bakili Muluzi anapambana chisankho. Ine ndinali mu Sitandade 7. Ndimakumbuka bwino chisangalalo chake ndipo sindidzachinyoza, munthu kutha kulankhula pa msika osayang'ana kumbuyo, amayi kulowa mu msika osafunsidwa khadi la chipani, chinali chinthu chachikulu. Koma ndimakumbukanso m'mawa wina, mvula ya chaka chimenecho isanagwe, ndinaona malume akunola nkhwangwa pa mwala wa kuseri kwa khola, ndinawafunsa kuti, "malume, kutchire kuja si koletsedwa?" Iwo anandiyang'ana nati, "mphwanga, woletsa uja ali kuti? Tsanya anadzala ndani, si Mulungu? Ndiye feteleza wa thonje undigulira ndiwe?"

Funso lomalizali ndi lomwe anthu amaliiwala akamanena kuti demokalase inawononga mitengo. Ndale zinasintha pamodzi ndi chuma, nthawi imodzi. Mu February 1994 kwacha inasiyidwa kuti msika uziikira wokha mtengo wake, ndipo pomwe chaka chimatha dola imodzi inachoka pa makwacha anayi ndi kanthu kufika pa 15. Mtengo wa feteleza wotsika uja unachotsedwa, ADMARC inayamba kufooka, misika ina yakumidzi nkutsekedwa, mu 1996 panabwera lamulo logulitsa makampani aboma ndipo anthu ambiri ntchito zinawathera, nawonso maofesi aboma ndalama zoyendetsera ntchito zinachepa moti mlangizi wa zankhalango ankakhala ndi njinga yamoto yopanda mafuta. Mlimi wa thonje ngati malume anaona kuti chomwe amagulitsa sichikukwera koma sopo, mchere, palafini, mankhwala opopera zonse zakwera katatu. Kumtunda ku Blantyre anthu akuchulukirachulukira, magetsi ndi a ochepa, aliyense akufuna mbaula iyake. Ndipo makala a tsanya, amene munaphikirapo mukudziwa, ndi olemera, sathetheka, amakhalitsa pa mbaula, ogula amachita kuwafunsa ndi dzina. Pofika 1999 tchire lathu lija linali zitsa zokhazokha, ukaima pa chulu unkatha kuona denga la sukulu ya mudzi wina womwe kale tinkaumva ndi ng'oma basi.

Pa zaka zomwezo, kutali ndi ife, malamulo ankalembedwa, ndipo ndinene chilungamo, ambiri analembedwa bwino. Malamulo aakulu oyendetsera dziko a 1994 ali ndi gawo 13, pomwe boma likulonjeza kusamala chilengedwe, kuletsa kuti chisawonongeke, kupereka malo abwino okhala ndi kugwiramo ntchito, kusunga zamoyo zosiyanasiyana, komanso kulemekeza ufulu wa mibadwo yam'tsogolo. Tsiku loyamba kuwerenga mawu akuti mibadwo yam'tsogolo ndinaima kaye, kuganiza kuti mwana wanga yemwe anali asanabadwe watchulidwa m'buku lalikulu la dziko. Koma gawo 14 lomwe likutsatira limanena kuti mfundo zimenezi ndi zongolozera njira, makhoti angaziganizire pomasulira malamulo koma iwe sungazitenge zokha nkukamanga nazo boma. Anzathu a ku South Africa, omwe nawonso anasintha mu 1994, anaika nkhani ya chilengedwe m'gulu la maufulu enieni a munthu mu gawo 24 la malamulo awo a 1996. Kutsidya kwa Shire ndi Ruo, Mozambique itamaliza nkhondo yake inapanga lamulo la zachilengedwe mu 1997. Tonse tinali pa ulendo umodzi, aliyense akutuluka m'mavuto ake, ma donor ali pambali kunena kuti ndalama zibwera mukakonza mapepala.

Kwathu kuno mapepala anabwera motsatizana. Mu 1994 pulani ya dziko ya zachilengedwe yomwe ankaitcha NEAP, mu 1996 ndondomeko ya zachilengedwe ndi lamulo la Environment Management Act, lomwe kwa nthawi yoyamba linanena kuti ntchito zikuluzikulu zisanayambe pazichitika kafukufuku woona momwe zikhudzire nthaka, madzi ndi anthu, mu 1997 lamulo latsopano la nkhalango lolowa m'malo mwa la 1942 lija, chaka chomwecho la nsomba, mu 1998 la maboma ang'onoang'ono, mphamvu ku anthu. Mzimu wa malamulo onsewa unali umodzi, wakuti munthu wakumudzi asiye kuonedwa ngati wakuba m'tchire la makolo ake, akhale mwini ndi mlonda. Amfumu apatule malo ankhalango ya mudzi, anthu asankhe komiti, komitiyo ipange malamulo ake ang'onoang'ono nkugwirizana ndi boma. Asodzi nawonso akhale ndi makomiti a pa doko, ma BVC aja. Maganizo amenewa ine ndimagwirizana nawo mpaka lero. Vuto ndi loti kwathu anafika mu 2002, tsanya atapita kalekale pa njinga.

Anabwera ndi pulojekiti, galimoto yoyera, mlangizi ndi anthu awiri a bungwe. Tinasonkhana pansi pa mlambe wa pabwalo la amfumu, tinasankha anthu 10, amayi asanu abambo asanu monga anatiuzira, ine anandipatsa ulembi chifukwa ndinali nditangoyamba kuphunzitsa ndipo ndinkatha chizungu. Anatisiyira wilibala, makeni awiri, machubu odzalamo mbande, ndi fotokope ya lamulo la nkhalango, ya chizungu, masamba ena osaoneka bwino. Ndinkakhala usiku pa koloboyi kulimbana ndi chizungu cha maloya chija kuti Loweruka ndikawauze anthu m'chinenero chathu, ndipo ndikuuzeni, anthu ankamvetsera. Agogo ena aakazi anafunsa katatu, "mwanawe, ukuti bukulo likunena kuti nkhalango ndi yathu? Osati ya boma?" Ndinati ndi momwemo agogo, tikagwirizana ndi kusainirana. Amfumu anatipatsa malo, kunena zoona anali malo oipitsitsa, amiyala, omwe palibe ankawafuna kulima, koma tinawalandira. Tinapanga malamulo athu, wodula mtengo wauwisi m'menemo alipire nkhuku, wobwereza mbuzi, wotentha moto akaonekere kwa amfumu.

Zaka zitatu zoyamba zinayenda. Kenaka pulojekiti inatha, galimoto yoyera sinaonekenso, ena m'komiti omwe ankabwera chifukwa cha ma alawansi a ku maphunziro anasiya, tinatsala anthu asanu. Pepala la mgwirizano lomwe linkayenera kusainidwa kuti tikhale ndi mphamvu zonse tinalidikirira mpaka tinatopa. Tsiku lomwe sindidzaiwala ndi la lole ina yomwe inabwera usiku kudzanyamula matumba omwe anaunjikidwa m'mbali mwa msewu wathu wafumbi, ife anthu asanu ndi anyamata ochepa tinaitchingira ndi chipika, dalaivala anatsika mosatekeseka, anationetsa kapepala kena kokhala ndi chidindo, anaimba foni, patapita ola tinauzidwa kuti tichotse chipika. M'mawa mwake mnyamata wina yemwe tinamulipiritsa nkhuku mwezi wapitawo chifukwa cha mitengo iwiri yomangira khola anandipeza pa mjigo nkundifunsa kuti, "aphunzitsi, lole ija yalipira nkhuku zingati?" Ndinasowa poyang'ana, ndipo kuyambira tsiku limenelo kulipiritsa munthu kunayamba kutilemera.

Nkhani ya makala mu lamulo la 1997 inali yotere: kuotcha makala sikunaletsedwe kotheratu, kunaloledwa ngati uli ndi laisensi ndipo mitengo ikuchokera m'nkhalango yosamalidwa mwadongosolo. Zomveka. Koma kwa zaka zambirimbiri laisensi imeneyo pafupifupi palibe amene anaipeza, ndipo munthu ngati malume, osadziwa kulemba, wopanda nkhalango yakeyake yokhala ndi pulani, analibe ngakhale khomo loti agogode. Ndiye taganizani, dziko lomwe mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, malonda onse amakala ali kunja kwa lamulo. Chinthu chikakhala chofunidwa ndi aliyense koma choletsedwa pa pepala, chomwe chimachitika ndi chakuti boma silipezapo msonkho, nkhalango sipezapo wodzala, ndalama imathera m'njira kwa oimitsa njinga, ndipo wootchayo amadula mwachangu osasankha chifukwa sakudziwa ngati mawa adzaloledwe kubweranso. Pomwe ndinkayamba sukulu tinali anthu pafupifupi 8 miliyoni, kalembera wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, mbaula zawonjezeka kawiri, mitengo ayi.

Kumadambo zinali chimodzimodzi. Ndili ndi apongozi cha kufupi ndi Elephant Marsh, amandiuza za mphende ndi mlamba zomwe zinkadzaza bwato kale, pano maneti a udzudzu alowa m'madzi akukokolola ndi tiana tomwe, namasupuni watseka njira zina. Mu 2017 dambolo linalembedwa m'gulu la madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, lachiwiri m'Malawi pambuyo pa nyanja ya Chilwa, ndipo makomiti ena akuyesetsa ndithu.

Pomwe ndinaona ndi maso kuti lamulo likhoza kuluma ndi ku Majete. Malo aja, pafupifupi masikweya kilomita 700, anali atatheratu, nyama zapita, anthu akudulamo mitengo ndi kuotcha makala momwemo. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks kuti aziyendetsa, chaka chomwecho zipembere zinabwera, mu 2006 njovu, mu 2012 mikango, anamanga mpanda kuzungulira, alonda akulandira malipiro ndipo ali ndi zipangizo, midzi yozungulira ikupezako ntchito, masukulu, ulimi wa njuchi. Lamulo la nyama zakutchire la 1992 linakonzedwa mu 2004 kuti anthu ozungulira azitengapo mbali, linakonzedwanso mu 2017 kufika poti wopezeka ndi mlandu wa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi chipembere akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Ndinapitako ndi ana asukulu chaka china, ana obadwira mtunda wochepa chabe kuchoka pamenepo anaona njovu koyamba, mtsikana wina analira ndi mantha ndi chimwemwe pamodzi. Koma ndili m'basi pobwerera ndinkaganiza za komiti yathu ya anthu asanu ndi wilibala yothyoka tayala. Malamulo athu ndi a ku Majete anachokera m'nyumba ya malamulo imodzi, kusiyana kwake kunali ndalama, anthu olipidwa ndi munthu woti ukamuimbira foni abwera. Ndipo pali mbali inanso yomwe imawawa, apongozi anga mvuu zinawadyera dimba lonse la chimanga usiku umodzi, mnansi wawo ng'ona inamuchotsa mwendo akuvuula mono, palibe amene anabwera ndi kalikonse, koma aliyense kumeneko amadziwa chomwe chingamuchitikire akapha mvuuyo.

Lamulo la 1996 lija linakhala zaka 21 lisanalowedwe m'malo. Mu 2017 panabwera Environment Management Act yatsopano, yomwe inakhazikitsa bungwe loima palokha loyang'anira zachilengedwe la MEPA ndipo inabwereza momveka zomwe la 1996 linanena kale, kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi athanzi, ndiponso akhoza kupita kukhoti kukauteteza. Apa ndiye pomwe ndimati lamulo lathu linamera mano, patatha zaka 23 chichokereni chipani chimodzi. Koma onani nkhani ya majumbo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, makampani anathamangira kukhoti, khoti la Supreme linagamula mu 2019 kuti chiletsocho chili bwino, komabe panabwera ziletso zina zakukhoti zaka ndi zaka, majumbo ali mbwee pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula, mbuzi zathu zikudya nkumafa ndi mimba yotupa. Wa fakitale ali ndi loya ndiye lamulo limamudikira amalize kudandaula.

Malume analibe loya. Mu 2020 lamulo la nkhalango linakonzedwa, zilango zinakwera kwambiri, makala anaikidwa poyera m'gulu la zinthu za m'nkhalango zofunika chilolezo, ndipo chonyamulira chikhoza kulandidwa. Chaka chotsatira malume, ali ndi zaka zoposa 60, anagwidwa ndi matumba awiri, poti atatu sankathanso. Njinga inapita, anagona m'chitokosi masiku anayi, ndipo kuti atuluke tinagulitsa mbuzi zitatu za amayi ndi kuwonjezera malipiro anga a mwezi. Sindikunena kuti sanalakwe. Analakwa, ndipo tchire lomwe ndimalilira lija iwo ndi amodzi mwa omwe analimaliza, ndinawauzapo pamaso kangapo mpaka tinakhala chaka osalankhulana bwino. Koma ndinaima panja pa khoti tsiku limenelo ndikuona anthu omwe anali pa mzere wa milandu ya makala, onse anali a mapazi ong'ambika, panalibe mwini lole ngakhale mmodzi, ndipo madzulo ake mu lesitilanti yomwe ndinadyamo nsima pa boma, mbaula inali ikuyaka ndi makala a tsanya.

Tsopano ndibwerere kwa mayi a mu minibasi aja, chifukwa pa nkhani ya madzi sananame kwenikweni. Ife akuchigwa ndife otsirizira, chilichonse chochitika kumtunda chimatsikira kwa ife. Mapiri a Thyolo, Mulanje, Blantyre, Mwanza ndi Neno akametedwa, mvula siimanso kuti ilowe pansi, imatsika ndi dothi lonse kudzera mu Ruo, Mwanza, Mkulumadzi ndi timitsinje tina tonse. Mtsinje wa Mwanza lero wadzaza mchenga moti madzi akabwera alibe poyenda, amangolowa m'midzi. Mu January 2015 tinaona zomwe akuluakulu ankati sanazionepo, ku Makhanga anthu kupulumukira m'mitengo ndi pa madenga. Mu March 2019 mvula ya namondwe Idai. Mu January 2022 namondwe wotchedwa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko linataya pafupifupi ma megawatt 130 a magetsi kwa nthawi yoposa chaka, ndipo apa mvetsetsani bwino, magetsi atazima m'tauni ngakhale omwe ankaphikira kuka ya magetsi anagula mbaula, makala anakwera mtengo, anyamata ambiri analowa m'tchire, mapiri anametedwanso, ndiye mu March 2023 Freddy anapeza njira yotseguka, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Mwezi wotsatira nyumba ya malamulo inavomereza lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi lolowa m'malo mwa la 1991. Nthawi zonse madzi amayamba, pepala likubwera pambuyo.

Ndipo pepalalo likafika kuno limanena kuti samukani, musalime m'mphepete mwa mtsinje. Ndikumvetsa chifukwa chake, ndaikapo maliro a madzi. Koma munthu wolemba zimenezi akanakhala chaka chimodzi kuno akanadziwa kuti dimba ndiye moyo wa chigwa chino, kumphala mvula imalephera zaka zambiri ndipo chimanga, mbatata ndi nyemba zomwe timadya mu October zimachokera m'chinyontho chomwe madzi osefukira amasiya. Kumuuza munthu wa kwa Nyachikadza kuti achoke popanda kumupatsa malo ena olima omwe ali ndi madzi ndi kubwereza nkhondo ya mitumbira ija, lamulo loganiziridwa kwina kuikidwa pa nthaka yomwe silikuidziwa.

Sindikufuna kuti muganize kuti zaka 30 zonsezi zapita pachabe. Ngalande yaikulu ya ulimi wamthirira yomwe ikukumbidwa kuchoka ku Kapichira, ya Shire Valley Transformation Programme, isanayambe panachitika kafukufuku uja wa zachilengedwe, anthu anaitanidwa ku misonkhano, anaganizira za nyama za ku Majete ndi Lengwe komwe ngalande ikudutsa, mpaka anaganizira zoti tiger fish, nsomba ya mano ija ya kuno kumunsi, isapeze njira yokwerera pamwamba pa mathithi nkukafika kunyanja kukadya chambo, anakonza potchinga. Nthawi ya agogo ntchito ngati imeneyi ikanangoyamba, ofunsa mafunso nkuonedwa ngati oukira. Ine ndinakhala nawo pa msonkhano umodzi, ndinaona mayi wamasiye akuimirira kufunsa za manda a mwamuna wake pamaso pa mabwana, nkuyankhidwa mwaulemu, zolembedwa m'buku. Zimenezo ndi zipatso za 1996, ndipo ndimazilemekeza.

Malo athu amiyala aja nawonso alipo. Mbande zambiri zomwe tinadzala m'machubu zinafa ndi dzuwa ndi chiswe, zinatsala za nimu zochepa, koma zitsa za tsanya zomwe tinangozitchinjiriza ku moto ndi mbuzi zinaphukira zokha, pano ndi mitengo yoposa denga la nyumba, ndipo amayi amaloledwa kutolamo zouma Lachitatu lililonse. Ulembi ndinasiya mu 2009 nditasamutsidwa sukulu, koma ndikapita kumudzi amandiitanabe.

Pa Khirisimasi yapitayi malume, omwe pano sayendanso mtunda wautali, anandiitana pakhonde nati, "mphwanga, lamulo lomwe linandimanga lija sindinalimvepo mawu ake, kukhoti anangondiuza kuti ndavomera kapena ndakana. Tandiwerengere." Kumudzi kwathu kope la Chichewa silinafikepo, ndiye ndinalitsitsa pa foni la chizungu nkuyamba kumasulira pamtima ndime ndi ndime, iwo ali phee, mutu pansi. Nditafika ponena kuti ngakhale kusunga ndi kugulitsa makala opanda chilolezo ndi mlandu anandiimitsa, anafunsa ngati zikukhudzanso a lole ndi a misika ya m'tauni, ndinati eya malume, momwe palembedwera zikuwakhudza. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati ndilembe zonsezo m'kope, m'chilankhulo chathu, makamaka pomwe pakunena za momwe gulu la anthu lingapemphere laisensi, chifukwa zidzukulu zawo ziwiri zayamba kukankha njinga ndipo sakufuna zikamve lamuloli koyamba zili m'chitokosi ngati iwo. Ndinagula kope la masamba 80 pa Ngabu. Pofika pano ndalemba masamba 14, ndipo amfumu avomera kuti Loweruka loyamba la mwezi wamawa tikawerenge pansi pa mlambe uja.